Njerwa M'bokosi Nambala Seveni

Ine ntchito yanga ndi yolongedza mabokosi. Musaganize za kusitolo kapena kudepoti ya mabasi ayi. Ndimagwira ntchito kunyumba yosungiramo zinthu zakale, ija ophunzira amati myuziyamu, koma osati kumtunda kuja kuli magalasi owala ndi zikwangwani zoti "Osagwira". Ine ndili pansi, m'kachipinda kopanda zenera, moyandikana ndi momwe amasungira zokolopera. Kumtunda zinthu zimangoonedwa ndi maso. Kwanga kuno zimagwiridwa, zimanunkhizidwa, mwinanso kunyambitidwa kumene, chifukwa mabokosi anga amapita kusukulu, ndipo mwana wa sukulu sakhulupirira chinthu asanachiyese ndi lilime.

Mabokosiwo alipo khumi ndi awiri, onse athabwa, okhala ndi zogwirira zachingwe. Sukulu ikapempha, timaibwereka bokosi limodzi kwa masabata awiri kuti ana aone ndi kugwira zomwe amangozimva m'mabuku. Lomwe limakondedwa kwambiri ndi nambala seveni, la zinthu za m'nyumba zakale. Muli nyali yamafuta, sileti, telefoni yopukusa, loko wamkulu ngati chikhatho changa ndi kiyi wake, ndiponso simbi yamakala yositira zovala. Chilichonse chili ndi dzenje lake m'siponji, chimakulungidwa m'kansalu kake, ndipo chili ndi nambala yolembedwa ndi inki yoyera. Bokosi likabwerera, ndiyenera kulitsegula, kumasula kansalu kalikonse, kuona, kenako kusayina fomu.

Ndati ndiyenera. Koma zaka khumi ndi chimodzi si masewera, abale. Ine ndinafika poti ndikangolinyamula bokosi n'kuligwedeza pang'ono, ndadziwa kale ngati muli zonse kapena ayi. Tsiku lina ndinauza dalaivala wathu kuti m'bokosi nambala folo mukusowa kanthu, asanalitsitse n'komwe bwinobwino m'galimoto, ndipo potsegula tinapezadi kuti belu la njinga mulibe. Kuyambira pamenepo anandipatsa dzina loti a Sikelo, ine n'kumalikonda dzinalo kuposa langa lenileni. Kutsegula mabokosi ndinakusiyira anthu osadziwa ntchito.

Chaka chatha tinalandira bwana watsopano. Ife timangowatchula kuti a Magolovesi, chifukwa amavala magolovesi oyera ngakhale potsegula chitseko cha ofesi yawo yomwe. Munthu wake si woipa, koma akaona mwana akugwira chinthu chakale amachita ngati amuponda chala chachilonda. Mabokosi anga ankawada poyera. Pamsonkhano wina anagogoda patebulo n'kunena kuti, "Chikangosowanso chinthu chimodzi, chimodzi chokha, mabokosi onse ndikhoma, ndipo wolongedza adzaona msana wa njira." Wolongedzayo panalibenso wina. Pomwe amalankhula n'kuti akundiyang'ana pamwamba pa magalasi awo amaso.

Ndiye Lolemba lina anatsikira kuchipinda kwanga, zomwe sachitachita, nandiuza kuti Lachinayi kukubwera mlendo, mayi wa kubungwe lomwe linatigulira galimoto, ndipo akufuna kukaona yekha bokosi likugwira ntchito m'kalasi. Anasankha nambala seveni. Atatuluka, ndinati ndipukuteko fumbi kuti tisakachite manyazi. Ndinamasula nyali, ili bwino. Sileti, ili bwino. Nditafika pa simbi, kumasula kansalu kaja, mayo ine! Njerwa.

Njerwa yeniyeni yootcha, yofiira bwino, yoswedwa pang'ono mbali imodzi kuti ikwane m'dzenje muja. Wochita zimenezi anali munthu waulemu ndithu, chifukwa anaikulunga mwaluso, n'kuimangiriranso kachikwangwani ka dzina la simbi. Ndinainyamula kudzanja lamanja. Kulemera kwake ndendende! Ndinathamangira kufayilo, ndipo fomu ndinaipeza: zonse zabwerera bwino, pansi pake siginecha yanga, yokhala ndi kamchira kaja ndimakonda kukoka ndikakhala kuti ndikudzimva.

Dalaivala nditamuonetsa anaseka mpaka kukhala pansi. "A Sikelo, sikelo yanu yayeza njerwa!" anatero akupukuta misozi. "Ndimadabwatu ine. Bokosili linali kusukulu ya kutsidya kwa mlatho ija, eti? Kumeneko magetsi anazima mwezi wathunthu, koma kolala ya ahedi inali chilili ngati lumo."

Ahediwo ndinawaimbira foni. Anandimvetsera modekha mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Pepani mayi, koma si inu nomwe munasayina kuti zonse zafika?" Foni thi! Kupitako sindikanatha, chifukwa galimoto siituluka popanda chilolezo cha a Magolovesi, ndipo kupempha chilolezocho kunali ngati kudzikumbira ndekha dzenje. Apa ndiye ndinagwira njakata. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo chitseko chomwe ndinachiganizira chinali cha kuchipinda kwa apongozi anga.

Ndimakhala ndi amayi a malemu mwamuna wanga. Iye atamwalira zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, anthu ankati sitimaliza mwezi m'nyumba imodzi, koma tilipobe, tikukangana za mchere ndi za mawindo tsiku lililonse, ndipo chomwe chimatidyetsa tonse awiri ndi mabokosi omwewa. Apongoziwo anagwira ntchito yochapa ndi kusita kuhotela zaka makumi atatu. Ayironi yamagetsi amainyoza kuti imangonyambita nsalu. Ali ndi simbi yawo yamakala yomwe imakhala pamwamba pa wadiropu, ndipo amaitsitsa Loweruka lokha. Ndinawerengera masiku: kutenga Lachiwiri, kuonetsa Lachinayi, kubweza Lachisanu. Loweruka likamafika, simbi ili pamalo pake ngati sinayendeko.

Lachiwiri m'mawa, iwo ali kubafa akuimba nyimbo yawo ija yosatha, ndinakwera pampando, simbi ija lowu m'chikwama, pamwamba n'kuphimba ndi juzi. Kuntchito ndinaipukuta, n'kutenga kabotolo ka inki yoyera, ndikulemba nambala ya simbi yosowayo kuchidendene kwake. Kwathu kuno chinthu chikangolembedwa nambala, ndiye kuti chalowa m'kaundula, ndi cha myuziyamu mpaka kalekale, mwini wake ngakhale alire motani. Koma ndinadzitonthoza kuti inki imachoka ndi sipiriti.

Chomwe sindinkadziwa n'chakuti apongozi amaiyang'ana simbi yawo tsiku lililonse ngati nkhuku yoikira. Lachitatu pobwera kuntchito ndinawapeza ali pakhomo, manja m'chiuno, akulankhula mokweza moyang'ana kunyumba ya mayi woyandikana nafe.

"Anthu ena akabwereka amanena! Kulowa m'nyumba ya eni ngati mphepo, asa!"

"Amayi, tsitsani mawu," ndinatero. "Mwina munaisuntha nokha n'kuiwala."

Anatembenuka n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. "Kuiwala? Ine? Inu apongozi, ndingaiwale dzina langa koma osati simbi ija." Maso awo anatera pa chikwama changa. "Kapena ndi khoswe. Koma khoswe wake ndi wamphamvu bwanji, wokwera pampando n'kuubwezeranso pamalo pake mokhota."

Ndinalowa m'nyumba mwachangu ngati ndamva mphika ukupserera.

Lachinayi linafika. Sukulu yomwe tinakonza inali kutali, mbali ina ya tauni, komwe kulibe ondidziwa. Koma chakudza sichiimba ng'oma. Titakwera kale m'galimoto, mlendo uja kutsogolo, ine ndi a Magolovesi kumbuyo, bokosi lili pamiyendo panga, mayiyo anayang'ana wotchi nati ali ndi msonkhano wina masana, kodi palibe sukulu yapafupi? A Magolovesi anatulutsa foni. Mphindi zisanu zokha, zonse zinasintha. Dalaivala anandiyang'ana pagalasi, akuluma mlomo kuti asaseke, chifukwa sukulu yapafupiyo ndi yomwe mpanda wake unagundana ndi kuseri kwa nyumba yathu.

Ndinadzilimbitsa mtima kuti apongozi sapita kusukulu, akatenga chiyani? Koma aphunzitsi a kalasi yachisanu anali mtsikana wachangu, wongotuluka kumene kukoleji, wa mtundu uja woti ukamutuma madzi amabweretsa ndi sopo yemwe. Atangomva kuti kukubwera bokosi la zinthu zakale ndi alendo, anathamangira kuseri kwa mpanda kukapempha munthu wachikulire woti adzafotokozere ana momwe zinthuzo zinkagwirira ntchito. Polowa m'kalasi, ndinawapeza ali pampando wa aphunzitsi, kutsogolo kwenikweni, atavala diresi yawo yamaluwa ndi nsapato zopitira kuukwati, manja ali pamaondo.

"Takulandirani, abwana a mabokosi," anatero apongozi, akumwetulira ngati mphaka.

Bokosi ndinaliika patebulo, ana makumi anayi n'kulizungulira, maso ali tong'o. Ndinayamba ndi nyali, pang'onopang'ono, ndikuyembekeza kuti mwina belu lilira tisanafike kumene kuli mlandu. Sileti ndinaifotokoza mpaka ana anayamba kuyasamula. Telefoni ndinaipukusa kasanu. Koma a Magolovesi, pofuna kudzionetsa kwa mlendo, anapisa okha dzanja m'bokosi, natulutsa mtolo womaliza uja, n'kuumasula ndi nsonga za zala.

"Ndani angatiuze kuti ichi n'chiyani?"

"Chikwama chachitsulo!" anakuwa mwana wina.

"Ndi ng'ona!" anatero kamtsikana ka kutsogolo, kataona chivundikiro chikutseguka, mano ake ali poyera.

A Magolovesi anatsokomola, natenga khadi la simbiyo n'kuyamba kuwerenga ndi mawu a pawailesi. "Simbi yamakala. Inkagwiritsidwa ntchito ndi anthu akalekale, magetsi asanabwere. Masiku ano siigwiritsidwanso ntchito."

"Akalekale?" anafunsa apongozi. "Bambo, Loweruka lapitali ndi kalekale? Tabweretsani kuno."

"Agogo, imeneyi timagwira ndi magolovesi."

"Magolovesi ndi a mkwati. Bweretsani."

Anachita kuilanda. Anainyamula, naitembenuza, nayang'ana kuchidendene komwe kunali nambala yanga yoyera ija, kenako anakweza maso n'kundiyang'ana. Abale, ndinalakalaka pansi patang'ambika. Ndinayembekeza kuti akuwa, koma iwo anangopukusa mutu mwachisoni chonamizira, natembenukira kwa ana.

"Ana inu, inenso ndinali nayo simbi ngati yomweyi. Kufanana kwake ngati mapasa. Koma inabedwa dzana."

"Ndani anaba, agogo?"

"Khoswe."

Ana anaseka. "Khoswe sanganyamule chitsulo!"

"Wa kwathu amanyamula. Ndi wa miyendo iwiri, amavala nsapato zazitali, ndipo m'mawa amamwa tiyi wa shuga masupuni atatu." Ana anagwa nako kuseka, mlendo nayenso, ngakhale a Magolovesi anamwetulira pang'ono osadziwa kuti khosweyo waima pambali pawo, thukuta lili kamukamu. Masupuni atatu aja ndi anga.

Kenako apongozi anatuma aphunzitsi kuti akapale makala amoto kukhitchini ya sukulu. Apa a Magolovesi anadumpha. "Ayi, ayi, ayi! Chinthu cha m'kaundula sichiikidwa moto!" Koma mlendo uja anali atatulutsa kale foni kuti ajambule, nati, "Asiyeni agogowa, abwana, izi ndi zomwe ndabwerera." Makala anabwera pafosholo. Apongozi anawathira m'simbi, natseka, naikupiza uku ndi uku mpaka timabowo ta m'mbali tinafiira. Ananyowetsa chala ndi malovu n'kukhudza pansi pake. Tsss! Ana onse anati, "Eeee!"

"Tsopano tisite chiyani?" Anayang'anayang'ana, maso awo n'kukatera pa bwana wanga. "Bambo, vulani jekete. Kumsanaku kwachita makwinya ngati nkhope yanga. Kwanu n'kwa magetsi, zikuchita kuoneka."

Sindinaganizepo kuti ndidzaona a Magolovesi ataima pamaso pa ana atangovala malaya ndi magolovesi okha, jekete lawo litayalidwa patebulo ya aphunzitsi. Apongozi anayala kansalu konyowa pamwamba, nayendetsa simbi, nthunzi ili tolotolo. Kenako anaitana ana mmodzimmodzi kuti agwire chogwirira, dzanja lawo lili pamwamba pa dzanja la mwana. "Osakankha, iwe. Simbi imayenda yokha, iwe umangoiperekeza." M'kalasi munadzaza fungo la nsalu yotentha, ndipo ine ndinayamba kupuma, n'kumati mwina ndapulumuka.

Ndinafulumira kusangalala. A Magolovesi, posowa chochita ndi manja awo, anabwereranso kukhadi lija. Ndinawaona akuwerenga, n'kuyang'ana simbi, n'kuwerenganso. Nkhope inasintha.

"Mayi wolongedza," anatero motsitsa, koma aliyense anamva. "Khadi likuti chogwirira chakuda, chosalala, chopangidwa kufakitale. Ichi n'choyera, n'chokhota, ndipo chamangidwa ndi waya. Chasintha liti?"

Ndisanayankhe, kamtsikana ka ng'ona kaja kanafunsa. "Agogo, n'chifukwa chiyani chili chokhota?"

Apongozi anaimika simbi pachidendene chake. Anasisita chogwiriracho ndi chala chachikulu, ndipo atayamba kulankhula, mawu awo sanalinso achipongwe aja.

"Simbi yanga ija, yobedwa ija, inali ndi chokhota chonchi. Chakufakitale chinapsa tsiku lina nditaiwala simbi pambaula. Ndinalira, chifukwa popanda simbi kunalibe ntchito. Ndiye mwana wanga wamwamuna, ali ndi zaka khumi ndi ziwiri ngati inuyo, anakadula nthambi ya gwafa, nakhala kuseri kwa nyumba tsiku lonse akusema ndi mpeni wa kukhitchini. Anadzicheka chala chachikulu cha kumanzere, magazi ali chuchuchu, koma sanasiye mpaka anamaliza. Ndinamukalipira chifukwa cha mpeni wanga." Anasisitanso chogwiriracho. "Mwanayo kulibenso. Chinatsala ndi chogwirira chake."

Kenako anatembenukira kwa a Magolovesi, nkhope ili gwa. "Ndiye musadabwe, bambo. Zogwirira zimapsa. Mwina iyinso mwana wina anaisemera, olemba khadi anu n'kuiwala kulemba."

Chipsera chimenecho ndinkachidziwa. Ndinachigwira zaka khumi ndi zinayi. Mwamuna wanga, wabodza uja, anandiuza tili pachibwenzi kuti anachipeza polimbana ndi akuba atatu, ine n'kumamutama. Ndipo apa panali mayi ake, omwe sanandinamizirepo ngakhale kuti ndiwo zanga zakoma, akukana chogwirira cha mwana wawo pamaso pa anthu kuti ine ndisachotsedwe ntchito. Ndinachita manyazi oti sindinawamvepo chibadwire.

"Bwana," ndinatero, "simbiyi ndi ya amayiwa. Ndi apongozi anga. Khoswe uja ndine."

Ndinaulula zonse: kunyamula m'malo motsegula, njerwa, ahedi a kolala yakuthwa, mpando, inki yoyera. Ana anamvetsera kukamwa kuli yasa, ndipo nditatchula njerwa mmodzi anaphulika nako kuseka, aphunzitsi n'kumutsina. A Magolovesi anafufuma ngati chule. Anavula golovesi imodzi, chinthu chomwe ndinali ndisanachionepo, naloza chala. "Ndinanena! Ndinanena ine kuti chikangosowa chimodzi..."

"Bambo, tadikirani," anawadula apongozi. Chipongwe chija chinali chitabwerera m'maso mwawo. "Ana awa asowa chiyani lero? Simbi aiona, aigwira, asita nayo. Jekete lanu ilo, likuwala. Inu ntchito yanu si yobwereketsa zinthu?"

"Inde, koma..."

"Ndiye lero mwabwerekedwa ndinu. Palibe chabedwa pano, ine ndakubwerekani. Kungoti wodzatengayo anaiwala kugogoda. Mukabwereketsa simusayinitsa pepala? Apongozi, tulutsani pepala lija."

Mlendo uja anaomba m'manja. "Anthu a m'dera kubwereketsa zinthu zawo ku myuziyamu! Bwana, bwanji simunandiuze kuti muli ndi ndondomeko yabwino chonchi?" Anali akulemba kale m'kabuku kake. A Magolovesi anayang'ana mlendo, nayang'ana kabuku, nayang'ana galimoto yomwe inaima panja pawindo. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, abale. Analandira cholembera.

Fomu yake inali yomweyo timasayinitsa ahedi, kungoti pa "wobwereka" panalowa dzina la bwana wanga. Apongozi anawauza kuti awerenge mokweza malamulo onse omwe analemba okha: kusamalira, kusabwereketsa kwa wina, kubweza pakatha masabata awiri. Kenako anawonjezera awo. Komwe simbi ikupita, mwini wake apitenso, chifukwa sangalole kuti ana aziuzidwa kuti iye ndi munthu wakalekale. M'galimoto azikhala kutsogolo, poti kumbuyo kumawachititsa chizungulire. "Ndipo lembaninso kuti pobweza ndidzatsegula ndekha. Njerwa ndili nazo kale kunyumba."

Mawa lake a Magolovesi anakwera galimoto okha mpaka kutsidya kwa mlatho. Dalaivala akuti anaipeza simbi yathu pakhonde pa ahedi, ikadali yofunda, pambali pake pali mathalauza atatu opindidwa bwino. Ine ndinalandira kalata yochenjeza, yamasamba awiri, ndi lamulo loti bokosi lililonse ndizilitsegula iwo ali pomwepo. Dzina la a Sikelo linafera pomwepo; tsopano dalaivala amandiitana kuti a Njerwa. Koma mabokosi sanakhomedwe, ndipo kachipinda kanga kopanda zenera ndikadalimo.

Masabata awiri atakwana, poti bokosi nambala seveni silinkagonanso kusukulu imodzi, apongozi anali atayenda masukulu anayi ali kutsogolo, chigongono pawindo, akulangiza dalaivala za mabampu. Loweruka masana ndinabwera nayo simbi yawo kunyumba, n'kukhala pakhonde ndi kabotolo ka sipiriti ndi thonje kuti ndifufute nambala ija. Tinali tisanakambirane za chogwirira chija chichokereni m'kalasi muja. Ndinkasowa poyambira.

"Mukutani?" anafunsa ali pakhomo.

"Ndikuchotsa nambala, amayi. Yathu ija inapezeka. Yanu ibwerere pamwamba pa wadiropu."

Anabwera n'kukhala pambali panga, natenga thonje lija m'manja mwanga.

"Isiye, mwana wanga." Anali asanandiitanepo choncho, kapena kundinena kuti iwe. "Pawadiropu paja amaigwira ndani? Ine ndekha, kamodzi pasabata, ndipo manja angawa atsala pang'ono kutopa. Masabata awiriwa ndawerenga ana oposa zana agwira pomwe anagwira iye. Wina anandifunsa kuti mnyamata wosemayo dzina lake ndani." Anapukuta mphuno ndi nsonga ya nsalu. "Yakufakitale ija ikakhale kumtunda m'galasi, ndi yomwe ikuyenera kumeneko. Iyi ilowe m'bokosi. Koma khadi lija ulembenso, lija ndi labodza."

Lolemba ndinatenga khadi latsopano. A Magolovesi anaima kumbuyo kwanga. Ndinalemba kuti simbi yamakala, ikugwirabe ntchito. Chogwirira cha mtengo wa gwafa, chosemedwa ndi mpeni wa kukhitchini ndi mnyamata wa zaka khumi ndi ziwiri. Kenako ndinalemba dzina la mwamuna wanga lonse, ndipo inki inafalikira pang'ono pachilembo chomaliza chifukwa panadontha kanthu. Bwana anangotembenuka n'kumayang'ana kudenga, ngati kuli chachilendo.

Lachisanu lotsatira bokosi nambala seveni linabwerera kuchokera kusukulu ina, apongozi atatsikira kale kunyumba. Ndinalinyamula mwachizolowezi, kulemera kwake kuli bwinobwino. Ndinalitsegula a Magolovesi ali pomwepo. Nyali, ilipo. Sileti, ilipo. Kumasula kansalu komaliza, njerwa! Yomwe ija, yoswedwa mbali imodzi, imene dalaivala ankaisunga m'galimoto. Pansi pake panali kapepala ka zilembo zikuluzikulu zokhotakhota: "Loweruka ndimasita. Mudzaitenge Lolemba, ndipo mugogode."